Kaphukusi ka a Gomonda Kutsidya kwa Mtsinje

Ana inu, mawu ambiri amene timanena tsiku ndi tsiku anayamba ndi munthu, pamalo pena pake, zinthu zitamuthina. Khalani phee ndikuuzeni za telala wina amene anakwera phiri atakalamba.

Kumunsi kwa phiri la Mulanje, masiku amene misewu ya kumeneko inali idakali yafumbi, kunkakhala bambo wina dzina lawo a Gomonda. Ntchito yawo inali yosoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika. Anali munthu wofatsa, wa manja aluso, koma akangochoka pamakina awo sankatha kusunga kanthu. Chipewa, makiyi, ngakhale lumo lometera ndevu, zonse ankawasungira ndi akazi awo, a Nangondo. Chinthu chikasowa, a Gomonda sankafufuza ayi. Ankangoitana, "Nangondo," ndipo chinthucho chinkapezeka.

Tsono bamboyu anali ndi matenda a mphumu kuyambira ali mnyamata. Kukazizira kwambiri chifuwa chawo chinkatsekeka, mpweya n'kumatuluka molira ngati kherere. Mankhwala ake anali m'kabotolo kakang'ono kochokera kuchipatala cha mishoni, ndipo akamwako pang'ono chifuwa chinkamasuka. Kabotoloko a Nangondo ankakakulunga m'kansalu n'kukamangirira m'chiuno mwawo. Kaphukusi kameneka kanayenda nawo kumaliro, kumaukwati ndi kumunda kwa zaka zambiri, ndipo sikanatayikepo.

Kuseri kwa nyumba yawo kunkadutsa mtsinje wa Nakhule, wochokera pamwamba pa phiri. A Gomonda anamwa madzi ake moyo wawo wonse, ndipo ankalakalaka atakaona pamene mtsinjewo umayambira. Maso atayamba kufooka, anasiyira mphwawo makina aja n'kunena kuti nthawi yakwana.

"Ndiye ndipita nawo," anatero a Nangondo. "Mukapita nokha mukabwerako opanda nsapato."

Anafunafuna namulondola, ndiye kuti munthu wodziwa njira amene amatsogolera alendo. Anapeza a Makwinja, bambo wamfupi wosalankhulalankhula, amene ankayenda ndi anthu m'phirimo kwa masiku angapo, kugona m'mapanga ndi m'misasa yaudzu kutali ndi midzi. A Makwinja anatenga alamu awo, a Bwanali, kuti asenze mabulangete, poto ndi kamba wa paulendo.

Asanayambe kukwera, namulondola uja anawaimitsa patsinde pa phiri.

"Katundu wolemera asenza alamu angawa," anatero. "Koma chinthu chimene munthu sangakhale popanda icho chikhale pathupi pake. Kumtundaku anthu amasiyana osapangana."

A Nangondo atamva zimenezo anamasula kaphukusi kaja n'kupatsa amuna awo, iwo n'kukaponya m'thumba la jekete. Koma atakwera chitunda choyamba, thukuta lili kamukamu, kabotolo kanayamba kuwagunda m'nthiti. Pamene ankapuma pamthunzi, a Makwinja atapita patsogolo kukaona njira, a Gomonda anakatulutsa.

"Tagwirani kaye aka, kakundisowetsa mtendere."

A Nangondo analandira osaganiza kawiri, monga ankachitira masiku onse, n'kukabwezera m'chiuno.

Ulendo unayenda bwino. Anadutsa m'nkhalango yamdima momwe mizu inali ngati makwerero, kenaka anatulukira pamalo athyathyathya a udzu waufupi, opanda nyumba, opanda munda, opanda ngakhale kulira kwa tambala. Mphepo inkabwera ndi fungo la mikungudza. Madzi a m'timitsinje anali ozizira mpaka kupweteka mano. Dzuwa likapendeka a Makwinja ankasankha pogona, mwina pansi pa thanthwe lotsamira, mwina pakati pa miyala pomwe mphepo sifika, n'kumweta udzu woyala. A Bwanali ankaotcha mbatata ndi kuwiritsa tiyi.

M'mawa wina a Gomonda atadzuka anaona mitambo ili pansi pawo, itaphimba dziko lonse la kumudzi. Anaima nthawi yaitali akungoyang'ana.

"Nangondo, tadzaonani," anatero motsitsa mawu. "Nsalu yoyera yonseyi, yosadula n'komwe."

"Ndipo mulibe sizasi," anayankha mayiwo, onse n'kuseka.

Chifuwa chawo sichinavute masiku onsewo, mwakuti za mankhwala anaziiwala.

Tsiku limene anayandikira kuchiyambi kwa Nakhule, bondo la a Nangondo linatupa, ndipo ankayenda pang'onopang'ono atatsamira ndodo. Masana a Makwinja anayang'ana kunsonga za phiri n'kuona kuti kwada.

"Chiperoni chikubwera," anatero. Chiperoni ndi nkhungu yozizira ya mvula yowaza imene imagwa m'phirimo mosayembekezeka. "Phanga logonamo lero lili kutsidya kwa mtsinje, si patali. Ine nditsogole ndikatole nkhuni zisananyowe. Mayi abwere pang'onopang'ono ndi alamu."

A Gomonda, pofunitsitsa kuona mtsinje wawo uli waung'ono, anatsagana ndi namulondola. Anaupeza ukuyenda mofatsa pakati pa miyala, madzi olekeza m'kakolo. Anaoloka podumpha miyala, a Gomonda n'kumaseka kuti Nakhule wa kumudzi uja kuno ndi khanda.

Koma kunsonga kuja mvula inali itagwa kale. Akutola nkhuni anamva mkokomo ngati wa mphepo m'mitengo, ngakhale masamba sankagwedezeka. Posakhalitsa madzi ofiira anatsika ndi zinyalala ndi nthambi, n'kumiza miyala yonse imene anapondapo. Pamene a Nangondo ndi a Bwanali ankafika pagombe, panalibenso pooloka.

A Makwinja sanade nkhawa. Anakuwa kuti mawu apose phokoso la madzi.

"Musayese! Madzi awa sachedwa kuphwa. Khalani pansi pa thanthwe lili kumbuyo kwanulo, tionana mawa."

Zikanathera pomwepo, ana inu, bwenzi palibe nkhani. Koma nkhungu ija inafika, yozizira ngati madzi a mumtsuko, ndipo inalowa m'chifuwa mwa a Gomonda. Anayamba ndi kutsokomola. Kenaka anamva ngati wina wawamanga lamba m'nthiti n'kumakoka. Anawerama, manja ali pamaondo. Anapisa dzanja m'thumba lina, n'kupisanso m'linzake.

"Mankhwala anu ali kuti, bambo?" anafunsa a Makwinja.

A Gomonda analoza kutsidya.

Kutsidyako a Nangondo anali ataona kale. Kuwerama kumeneko ankakudziwa kuposa wina aliyense. Anamasula kaphukusi m'chiuno, anakaluma ndi mano, anakwinya chitenje n'kulowa m'madzi, bondo lotupa lomwelo. Madzi anawafika m'maondo n'kuyamba kuwapendeketsa.

A Gomonda anafuna kukuwa kuti abwerere, koma mpweya wokuwira analibe. Pakamwa panangotseguka popanda mawu. Anavula chipewa n'kumachikupiza, misozi ili m'maso, akuona mkazi amene anakhala naye moyo wonse ali pafupi kukokoloka chifukwa cha kabotolo kamene iwo anakana kunyamula. Mwamwayi a Bwanali anataya katundu, analumphira m'madzi n'kuwagwira mayiwo pamkono, n'kuwakokera kumtunda.

Kuponya kaphukusiko sikukanatheka. Mtsinje unali utatambasuka, ndipo kabotolo kakanagwera m'madzi kapena kusweka pamiyala. A Makwinja anaganiza kanthawi, kenaka anakuwira alamu awo kuti adule nsungwi yaitali ndi kukwera nayo kumtunda, kumene mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe awiri. A Bwanali anatenga kaphukusi kwa a Nangondo n'kuzimirira m'nkhungu.

Namulondola uja anakhazika a Gomonda chotsamira mwala, pamalo oonekera kutsidya. Anavula chikhoti chake n'kuwafunditsa, anakoleza kamoto pafupi ndi mapazi awo, kenaka anagwada n'kuwayang'ana m'maso.

"Bambo, ndikusiyani nokha kanthawi kuti ndikalandire mankhwala. Musagone pansi, ndipo musachite mantha. Kokani mpweya pang'onopang'ono. Kupumaku palibe amene angakupumireni."

Atatero ananyamuka.

A Gomonda anatsala okha ndi phokoso la madzi. Mpweya uliwonse unkalowa movutikira ngati ukudutsa pa kabowo ka singano. Nkhungu ikang'ambika pang'ono ankaona akazi awo atakhala pamwala kutsidya, zovala zili chonyowa, akunjenjemera. Mayiwo sanalire. Anakweza dzanja m'mwamba pang'onopang'ono, n'kulitsitsanso pang'onopang'ono, kukweza, kutsitsa. A Gomonda anazindikira chimene ankatanthauza, ndipo anayamba kupuma motsatira dzanjalo. Likakwera ankakoka mpweya, likatsika ankautulutsa.

Ali chikhalire choncho anaganiza zambiri. Mkazi wawo sanaiwale mankhwala, sanawataye, sanawamane. Anawasunga bwino lomwe monga mwa masiku onse. Chikondi chonse chinalipo, chikuonekera kutsidya kuja, koma pakati panali mtsinje. Ndipo anaona kuti zaka zonsezi, pamene ankati akupeputsa thumba lawo, ankasenzetsa mnzawo katundu amene akanatha kumumiza.

Nthawi inatalika. Zala zawo zinayamba kuchita dzanzi, ndipo dzanja la kutsidya lija linkaoneka mwa apo ndi apo. Kenaka anamva miyala ikugubuduka, a Makwinja n'kutulukira ali wefuwefu, bondo likutuluka magazi, kaphukusi kali m'manja. A Bwanali anali atakamangirira kunsonga kwa nsungwi n'kukaolotsa pamwamba pa madzi.

A Gomonda anamwa. Kwa kanthawi sipanasinthe kanthu. Kenaka lamba uja anayamba kumasuka, kherere uja n'kuchepa, mpaka anakoka mpweya umodzi wautali umene unafika pansi pa chifuwa. Anakweza chipewa m'mwamba. Kutsidya, a Nangondo anatsitsa dzanja lawo, n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Kutacha, mtsinje unali utabwerera mwakale, miyala ili poyera ngati sipanachitike kanthu. A Bwanali anaolotsa a Nangondo powagwira dzanja. Mayiwo atafika anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anawakonza kolala ya jekete, kenaka anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno ndisunge, mungakataye."

A Gomonda anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri, koma kaphukusi sanapereke.

"Iyayi, Nangondo. Chipewa sungani, makiyi sungani. Aka kokha ayi."

"Kodi ndinakasunga molakwika?"

"Munakasunga bwino kuposa mmene ine ndingathere. Koma dzulo ndinakuonani m'madzi muja. Mukanapita, bwenzi nditakuphani ndine. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako."

A Nangondo anang'amba kachingwe m'mphepete mwa chitenje chawo n'kuwapatsa, ndipo a Gomonda anamangirira kaphukusiko m'khosi mwawo, mkati mwa malaya.

Tsiku lomwelo anafika pamene Nakhule amayambira. Panali pamalo achinyontho pakati pa ndere ndi udzu, madzi akungodontha pansi pa mwala. Anamwa ndi manja, anakhala pansi pang'ono, kenaka anayamba ulendo wotsika, mofatsa, chifukwa cha bondo la mayi aja.

A Makwinja sanawaiwale mawu a telala uja. Kuyambira pamenepo, akaimitsa alendo patsinde pa phiri, sankafotokozanso zambiri. Ankangoti, "Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako," ndipo wina akafunsa tanthauzo lake ankamuuza za a Gomonda. Alendowo anatsika nawo mawuwo kumidzi kwawo, ndipo anafalikira mpaka kwa anthu amene phirilo sanalionepo.

Tsono mukamva akulu akunena mwambi umenewu, musaganize kuti akukuuzani kuti muzikayikira anzanu kapena kukana thandizo. A Gomonda anapulumuka chifukwa cha anthu atatu amene anawathandiza ndi mtima wonse. Mwambiwu ukunena kuti pali zinthu zina zimene mwini wake yekha ndiye ayenera kuzisamala: thanzi lake, khalidwe lake, ndi zosankha zimene moyo wake watsamirapo. Zimenezi usazisiye m'manja mwa wina n'kumati andisungira, ngakhale winayo akhale mayi ako, mnzako wapamtima kapena mkazi wako. Si kuti iwo sakukonda ayi. Koma tsiku lina, popanda wolakwa, mudzapezeka kuti wina ali tsidya lino, wina tsidya ilo, ndipo madzi adzaza.