Mboni ya Bondo la a Dzimbiri

Panali msilikali wina wopuma, a Kopolo Dzimbiri, amene bondo lawo linaphwanyidwa ndi chipolopolo kunkhondo. Atapempha chipukutamisozi anawakaniza, poti mapepala awo a kuchipatala anadyedwa ndi chiswe. Iwo anachita apilo.

Wapampando wa bwalo la apilo anali a Meja Chipwaila, amene ankadzitama paliponse kuti mendulo yawo anailandira chifukwa chobereka msilikali wovulala zipolopolo zili waliwali. A Dzimbiri analiko tsiku limenelo, ndipo ankadziwa kuti a Meja anabisala pansi pa lole kufikira mfuti zitaleka kulira.

"Madala, tipatseni mboni imene inakuonani mukuvulala," anatero a Meja. "Apo ayi, nyamukani."

A Dzimbiri anawayang'anitsitsa, naponya ndodo pansi, nagwada ndi bondo labwinolo.

"Ogo! Kodi ndinu, bwana? Msana umenewu ndingauiwale ine? Amene munamubereka uja ndine! Akuluakulu, mboni yanga nayi!"

Bwalo lonse linawomba m'manja, mayi wina naimba nthungululu. A Meja anatsokomola.

"Komatu amene uja anali wamfupi."

"Ndinali nditadzipinda ndi ululu, bwana. Kapena palibe amene munamubereka?"

A Meja anacheukira anzawo a pabwalo, nawapeza ali tcheru kudikira yankho. Anatola cholembera nasaina chikalata chovomereza chipukutamisozicho.

"Munali olemera kwabasi, madala," anang'ung'udza motero.

"Pepani, bwana. Lero mwanditula."