Kagalimoto Kofiira ka a Moncef

Mumzinda wa Sfax, aliyense amene galimoto yake inagundidwapo ankaidziwa galaja ya a Moncef. Bamboyu anali katakwe powongola malata. Galimoto yobwera itakwinyika ngati chitini chopondedwa inkatuluka ili pheee, mwini wake n'kumaizungulira kufuna pamene inaphwanyika. Chilema chawo chinali chimodzi, makutu. Ukamawauza kanthu ankagwedeza mutu mwaulemu ndithu, koma mawu ako ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Kuseri kwa galajayo kunali chinthu chimene ankachikonda kuposa chakudya. Ali mnyamata anaona kudoko kagalimoto ka mpikisano ka ku Italiya, kofiira, kafupi, ka mipando iwiri, ndipo mtima wawo unatsala pomwepo. Kugula kotere sakanatha, choncho anaganiza zopanga kawo. Injini anaichotsa m'galimoto yakale, thupi lonse analiumba okha ndi nyundo, akuyang'ana chithunzi chimene anadula m'magazini. Ntchitoyi inawadyera zaka zisanu ndi chimodzi.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana dzina lake Wided, atapeza banja, a Moncef analumbira kuti patsiku la ukwati adzamunyamula okha m'kagalimotoko, kuchoka pakhomo mpaka kuholo. Anauza anzawo onse omwa nawo khofi. Amene sanamuuze ndi mwini ukwatiyo, poti ankafuna kumudzidzimutsa.

Mipando anakaitanira a Lotfi, mnzawo wa paubwana, wosoka makushoni. A Lotfi atayesa kulowamo anagunda mutu kudenga, gu! Anatuluka chokwawa akusisita dazi.

"Iwe Moncef, muno mulowa mkwatibwi kapena mphaka? Diresi la ukwati unaliwonapo iwe?"

"Soka mipando, usiye phokoso."

"Kwezako denga pang'ono, chitseko uchikulitse. Kapena tenga tepi ukayeze diresilo, kwanu si kutali."

"Azitaliyana anayeza kale. Ndikasintha kanthu sikakhalanso komwe kaja."

"Azitaliyanawo anakwatitsapo mwana ku Sfax kuno?"

A Moncef anagwedeza mutu mwaulemu, n'kupitiriza kupukuta chiwongolero.

Kunyumba nako mkazi wawo, mayi Mongia, anayesako. Tsiku lina akuwathirira tiyi anati, "Bambo a Wided, chimene mukubisa kugalaja chija mzinda wonse ukuchidziwa. Bwanji osangomufunsa mwanayo? Adzavalatu diresi la malemu agogo ake, la ulusi wagolide lija."

"Mphatso safunsira, mayi. Za nsalu n'zanu, za zitsulo mundisiyire."

"Ehe," anatero mayiwo, osaonjezera kanthu. Munthu amene wakhala pabanja zaka makumi atatu amayenera kuchita mantha akamva "ehe" wotere, koma a Moncef anangomwa tiyi wawo mtima uli m'malo.

Tsiku linafika. Dzuwa litapendeka, a Moncef anaimika kagalimoto kaja pakhomo, kali psuu, maluwa oyera atakamangirira kutsogolo. Abale inu, kanali kokongola! Oimba ng'oma anasiya kuimba, anthu anakazungulira pakamwa pali yasa, ndipo mwini wake anaima pambali atavala suti, chifuwa chili patsogolo.

Nthungululu zinamveka, Wided n'kutuluka atagwiridwa ndi azakhali ake mbali zonse. Diresi lija linali lolimba ndi ulusi wagolide, lotambalala mwakuti pakhomo anadutsa chammbali, ndipo kumutu anavala chisoti chachitali cha mkwatibwi. Ataona kagalimotoko anagwira pakamwa, misozi ili lengalenga.

"Ababa, mwapanga nokha? Chifukwa cha ine?"

A Moncef anatsegula chitseko. Wided anayesa kulowetsa mwendo, diresi linakana. Anayesa chambuyo, chisoti chinagunda denga. Azakhali awiri anakankha uku, wina akupinda uko, mpaka ulusi unamveka kuti the!

"Basi, basi!" anakalipa azakhali aakulu. "Mung'amba diresi la amayi athu chifukwa cha kachikumbu kanuka. Ndipo achimwene, mipando ndi iwiri. Mayi ake akhala pati? Kuyambira liti mkwatibwi kuyenda wopanda mayi ake pambali?"

Thukuta linali kamukamu. A Moncef anavula jekete. "Bweretsani sipanala, ndichotse chitseko! Dengali ndilidula pompano!"

Wided anawagwira dzanja, zala zake zili zofiira ndi hina, utoto wodzola akwatibwi. Anayankhula motsitsa kuti ena asamve. "Ababa, musakawononge. N'kokongola kwambiri. Mukanangondifunsa, ndikanavala diresi lopepuka panjira, ili n'kukavalira kuholo. Panopo nthawi yatha."

Mawu amenewo anawalasa a Moncef kuposa kukalipa kwa azakhali. Yankho linali m'nyumba mwawo momwemo miyezi yonseyi, ankadya nalo patebulo limodzi.

Pomwepo kunamveka hutala. Anali a Ridha, mlongo wawo wa mayi Mongia, atabwera ndi galimoto yawo yaikulu yonyamulira mafuta a azitona, yotsukidwa bwinobwino, mipando yoyalidwa nsalu zoyera, maliboni ali petupetu. Galimoto siikongoletsedwa choncho mwangozi. A Moncef anayang'ana mkazi wawo, mayiwo n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame.

Mkwatibwi ndi mayi ake anakwera ya a Ridha. A Moncef anatsala chilili pambali pa kagalimoto kawo, manyazi atawagwira, ndipo mumtima munkawawa zedi, pakuti mwana anali mmodzi ndipo tsiku lotere silibwera kawiri. A Lotfi ndiwo anawagunda paphewa.

"Tiye, mdipiti ukufuna wotsogolera. Mkwatibwi wako ndine lero."

A Lotfi anadzipinda ngati mpeni wa m'thumba n'kulowa, maluwa ali pamiyendo. Kagalimoto kanalira bwino, kanatsogolera mdipiti wonse mumzinda, anthu akuwomba m'manja m'mbali mwa msewu, ena akufuula kuti mkwatibwi wa chaka chino ndi wadazi. Pofika kuholo a Moncef anali akuseka nawo, misozi ikutsika, osadziwika ngati inali ya chimwemwe kapena ya chisoni chija.

Patsiku lachisanu ndi chiwiri, monga mwa mwambo, Wided anabwera kudzaona makolo ake. Atadya, anavala nsapato zake n'kunena kuti, "Ababa, ulendo wanga uja sindinayende."

Analowa m'kagalimoto kaja mosavuta, atavala diresi wamba. A Moncef anagwira kiyi, kenaka anaima kaye.

"Mwanawe, mpando uli bwino? Tipite njira iti? Zenera nditsegule?"

"Ababa, mukufunsa inu?" Wided anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Amayi, tabwerani mudzamve!"

Anayenda msewu wa m'minda ya azitona, mphepo ikuwomba, bambo ndi mwana wake, ndipo anabwerako mafuta atatsala pang'ono kutha. Linali tsiku labwino, ngakhale silinali tsiku lija.

Mpaka lero pakhoma la galajayo pali chithunzi cha mdipiti wa ukwati, kagalimoto kofiira kali patsogolo, pampando wa mkwatibwi patakhala a Lotfi ndi dazi lawo. A Moncef anachipachika okha. Munthu akabwera ndi ntchito masiku ano, amamukhazika pansi n'kumufunsa mafunso mpaka kutopa naye. Akadandaula, amamulozera chithunzicho n'kumuuza kuti zaka zisanu ndi chimodzi anayeza chilichonse ndi tepi, kupatula munthu amene ankafuna kumunyamula. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.