Mfuti Imene Kamtedza Anaifewetsa

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Kamtedza. Inu a mbumba ya Nachisale, amene ndikunenayu ndi gogo wa agogo anu, ndiye tcherani khutu. Kamtedza sanabadwire kuno ayi. Anali mkamwini, anabwera ndi nyundo, mvukuto ndi tupa basi. Koma manja akewo, ana inu, manja! Khasu lothyoka ankalidzutsa, nkhwangwa yobuntha ankaibwezera ukali. Nthenda yake inali imodzi: kutamandidwa kunkamuledzeretsa kuposa kachasu.

Mkazi wake Nachisale anali ndi mlongo wake, Lufeyo, amene ankalondera pa esiteti ya fodya kutsidya kwa dambo. Mzungu wa pa esitetiyo pobwerera kwawo anamusiyira Lufeyo kamfuti ka m'manja. Kamfutiko kanali ndi zitsulo zosinthira. Ukalowetsa kampope kakang'ono mumpope waukulu n'kusintha zina za m'kati, mfutiyo inkadya tizipolopolo tating'ono m'malo mwa zikuluzikulu. Zikuluzikuluzo zinali zitatha kale, Lufeyo anangotsala ndi tating'onoto m'kachitini.

Chaka chimenecho kunabwera galu wachiwewe. Analuma mbuzi, analuma agalu anzake, n'kumabisala m'tchire la kuchitsime. Amayi anasiya kupita okha kukatunga madzi. Mikondo inalipo, inde, koma ndani angayandikire galu wotuluka thovu kukamwa? Ndani? Maso a mudzi wonse anali pa Lufeyo ndi kamfuti kake.

Tsiku lina Lufeyo anafika kuchipala kumene mlamu wake ankasulira zitsulo, n'kukhala pachitsa.

"Alamu, kamfuti aka n'kouma zedi. Ndikamakoka kachitsulo kowombera ndi chala, dzanja limagwedera, chipolopolo n'kulowera kwina. Mungakathe, kapena luso lanu limathera pa makasu a amayi?"

Mukudziwa mmene alamu amanyogodolerana. Koma kwa Kamtedza nthabwalayo inalowa ngati munga.

"Kasiyeni pompo, alamu. Mudzakapeza kofewa ngati nthochi yakupsa."

Anakamasula, anakapukuta mafuta akale amene anali atauma, n'kupeza sipuling'i yolimba imene imakankha kanyundo ka mfuti. Anati vuto ndi ili. Anatenga tupa. Anapala, n'kuyesa. Kafewa pang'ono. Anapalanso, n'kuyesa. Kafewa ndithu. Pamenepo ndiye posiyira, koma kodi dzanja likakomedwa limamva? Anapalanso, anapalanso, mpaka chala chikangokhudza, kanyundo n'kugwa.

Tsono mvetsani apa. Tizipolopolo tating'ono tija moto wake umakhala m'mphepete mwa thako lake, ndipo sudzuka ndi kusisita ayi, umafuna kumenyedwa mwamphamvu. Sipuling'i ikafooka, kanyundo kamangogogoda ngati mlendo wamanyazi.

Kamtedza anapita pachulu kuseri kwa nyumba kukayesa. Phoo! Kanalira. Phoo! Kanaliranso. Kenaka kha! Zii. Anatulutsa chipolopolocho n'kuchiyang'ana. Chipsera cha kanyundo chinali chosazama, chongokanda pamwamba. Anadziwa. Ndikukuuzani, anadziwa. Mmisiri ngati iye sakanalephera kudziwa kuti wapitirira muyeso, ndi kuti chofunika n'kusula sipuling'i ina.

Nachisale anali pamtondo, anaimika munsi.

"Bambo, kanalira bwino poyamba. Nanga kachita bwanji?"

"Chipolopolo chonyowa chimenecho. Inu sinjani."

Chipolopolocho anachiponya mu udzu.

Lufeyo anabwera anthu atadzaza pachipala, ena ndi makasu, ena kudzangocheza. Anatenga kamfutiko kopanda kanthu m'kati, n'kukoka.

"Eee! Alamu! Ndabweza mawu anga. Anthuni, mlongo wanga anakwatiwa ndi mmisiri!"

Anthu anaomba m'manja. Kamtedza anatsegula pakamwa kuti anene kuti, alamu, taimani, kamakana nthawi zina, ndipatseni tsiku limodzi. Mawuwo anafika pakhosi, n'kubwerera. Mkamwini anene kuti ndalakwitsa, pamaso pa eni mudzi, atangomuombera m'manja? Anangomwetulira. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sipanapite nthawi. Dzuwa lili paliwombo kunamveka mkuwo wa amayi kuchitsime. Lufeyo anathamanga, mkondo anausiya pakhonde. Anyamulirenji mkondo mfuti atakonza mlamu wake? Galu uja anatuluka m'tchire, mutu pansi, thovu lili chuchuchu. Lufeyo anaima pakati pa galuyo ndi amayi, n'kumulola ayandikire, poti tizipolopolo tating'ono sitidalirika patali. Anayandikira. Anayandikira. Lufeyo anakoka.

Kha!

Anakokanso. Kha!

Galu anamulumphira n'kumugwira pamkono. Ali pansi chomwecho anakokanso, ndipo pamenepo mpamene kanalira. Galu anafera pomwepo. Amayi anaimba nthungululu, mudzi unapuma. Koma Kamtedza atamva mmene zinayendera, nyundo inagwa yokha m'manja mwake.

Bala linapola, anthu n'kuiwala. Kamtedza yekha ndiye ankamuyang'ana mlamu wakeyo m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba. Ndiye tsiku lina Lufeyo anakana madzi. Anawaona m'chikho n'kuyamba kunjenjemera. Chipatala chinali kutali, ndipo matendawo akafika pamenepo alibe mankhwala.

Nzeru zisanamuchokere, Lufeyo anaitanitsa mlamu wake.

"Alamu, ndikukuonani mwaonda. Musadzizunze. Zipolopolo za mzungu uja zinali zakale, nanga inu mukanatani? Kamfutika tengani ndinu. Muzitetezera mlongo wanga ndi ana."

Mwamva? Munthu akufa, akupepesa amene anamupha, n'kumupatsanso mfuti yomweyo kuti ateteze nayo ana ake! Kamtedza analira ngati mwana. Pamene ankati anene zoona, Lufeyo anali atayamba kale kubwebweta, sakanamvanso kanthu.

Lufeyo ataikidwa m'manda, m'mawa mwake Kamtedza anakoleza moto pachipala n'kusula sipuling'i ina. Mukudziwa inamutengera nthawi yotani? Anayamba dzuwa likutuluka, amayi asanaweruke kumunda anali atamaliza. Ntchito ya m'mawa umodzi, ana inu. Anapita pachulu. Kanalira, kanalira, kanaliranso, osakana ngakhale kamodzi. Kouma ngati kale, koma kokhulupirika. Nanga kanalirira yani? Galu anali atafa, Lufeyo ali m'dothi. Anakhala pansi pachulupo mpaka Nachisale anabwera kudzamudzutsa, ndipo Kamtedza anamuuza zonse. Nachisale sanamuthamangitse m'mudzi, koma akuti kuchokera tsiku limenelo sanasekenso naye.

N'chifukwa chake m'banja mwathu muli mwambo umene ena amatiseka nawo. Iwe wokonza mabuleki a njinga, iwe wosoka zovala, iwe womanga nyumba za anthu, mukamabweza chinthu kwa mwini wake, muzinena chilema chake iye asanathokoze. Asanathokoze, ndati, chifukwa akathokoza pakamwa pamalemera. Chinthu chimene chakana kamodzi m'manja mwako chidzakananso m'manja mwa mnzako, pa tsiku limene alibe kothawira. Manyazi a "ndalakwitsa" amatha dzuwa lisanalowe. Koma Kamtedza manyazi ake anapita nawo kumanda ali ndi imvi.