Fulati Yopanda Pobisala

Panali mkazi wina ndi mwamuna wake, ongokwatirana kumene, amene ankakhala m'kafulati pamwamba pa mashopu mumzinda wa Blantyre. Kanali ndi chipinda chimodzi chogona, bafa ndi balaza basi. Pabalazapo panali khoma lamatabwa limene anasiya anthu amene ankakhalamo kale, ndipo kuseri kwake kunali kamalo kamdima kongokwana mphasa imodzi.

Mkaziyo ankadana nalo khomalo. Ankati likudya kuwala. Mtima wake unali pa nyumba za pafoni zija, zoyera mbee, zimene ukaima pakhomo umaona mpaka pawindo lakumapeto.

Eni nyumba atavomera, anaitana kalipentala, khoma n'kugwa. Anapaka penti yoyera. Anakhoma mashelefu m'mwamba kuti mapoto achoke pansi. Anagula sofa yotambasuka n'kukhala bedi, ndi galasi lalikulu loti nyumba izioneka ngati ziwiri. Dzuwa linayamba kulowa m'mawa n'kumayendayenda ngati mlendo amene wauzidwa kuti amasuke. Anzake akabwera ankangoti, "Eee, asisi, koma ndiye mwaitha!"

Kenako anafika mayi ake a mkaziyo kuchokera kumudzi ku Dedza. Diso lawo limodzi linali litachita ng'ala, ndipo achipatala anawauza kuti adikire mumzinda momwemo mpaka tsiku la opaleshoni.

Tsono kwawoko mpongozi sadya mkamwini akuona, ndiponso sagona pamene mkamwini angadutse. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Koma m'fulatimo munalibe tchire.

Mayiwo akatembenukira kukhoma, ankamuona mkamwini wawo m'galasi. Mkamwiniyo akafuna kupita kubafa, njira inali yodutsa pamutu pa sofa. Anayesa kudyera kuchipinda, anayesa kuchedwa dala kuntchito, koma sizinathandize. Mayiwo anayamba kukhala pamasitepe panja, atafunda chitenje, chiperoni chikuwawaza. Chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa.

"Amayi, idyani pang'ono chabe," mwana wawo ankachonderera. "Kuno ndi kutauni. Bambowa sasamala zimenezo."

"Iwo sasamala, nanga ine?" mayiwo anayankha motsitsa mawu. "Nditafune akamwini akundiona m'kamwa? Mwanawe, nyumba yako ndi yokongola, koma ndi bwalo la mpira."

Anayamba kutsokomola. Mwana wawo akamva chifuwacho ankadzifunsa: Nanga akadwala, achipatala adzawalandira? Nanga akakomoka ndi njala pamasitepe pomwepo, kumudzi adzanena chiyani?

M'mawa wina anawapeza atamanga kale kamtolo kawo.

"Ndiperekeze kudepoti."

"Amayi, nanga diso?"

"Latsalali likundikwana. Mdima ndingaupirire. Manyaziwa ayi."

 Mwana wawo ankadziwa kuti mayiwo akakwera basi imeneyo sadzabweranso, ndipo ng'alayo idzamaliza ntchito yake.

Mwamuna wake anamva zonsezi ali kuchipinda.  Anatuluka ndi hamala ndi misomali ikuluikulu, n'kukhoma umodzi pakhoma loyera lija. Penti inasweka, tizidutswa tinagwera pasofa. Anakhoma wina kutsidya, n'kumanga chingwe choyanikira zovala. Anapachikapo bulangete lakale lofiirira, ndipo pamene linaperewera anawonjezera zitenje ziwiri zosiyana mitundu. Galasi analitsitsa, n'kulilowetsa pansi pa bedi.

Nyumba inachepanso. Inada. Inaoneka ngati pamsika wa kaunjika.

Kenako ananjuta kuseri kwa bulangetelo, n'kuomba m'manja katatu, n'kuuza mkazi wake kuti:

"Uwauze amayi kuti chipinda chawo chatha."

Mayiwo analowa pang'onopang'ono, maso ali pansi, n'kuzimirira kuseri kwa nsalu.  Patapita kanthawi anamveka mawu:

"Mwanawe, phala lija lilipo?"

Anzanga, tonsefe tili ndi kanyumba kamene timakapenta m'mutu tikamabwera kusukulu. Kanganso kalipo, kali ndi mawindo aakulu, ndipo ndimachita mantha ndikaganiza za amene ndingadzawasiye pamasitepe. Tsiku limene mudzagwire tepi yoyezera, musadzangoyeza sofa ndi makatani. Mudzawerenge anthu anu mmodzimmodzi, ndi ulemu umene aliyense amayenda nawo, ndipo mudzafunse kuti, uyu akabwera, adzadyera pati?