Mlosi Amene Anaperekeza Mopitirira

Panali mayi wina m'masiku amene sanafike, masiku a zidzukulu za zidzukulu zathu, anthu atayamba kuyenda m'mlengalenga ngati mmene ife timapitira kumsika. Musaseke, a Chikadza. Mwandipempha kuti ndikhalenso wapampando wa kalabu yathu ya mthirira, ndipo ndinati ndiyankha lero. Yankho lake ndi limeneli, khalani pansi mumve.

Mayiwo dzina lawo anali Anangondo. Ankakhala okha m'kanyumba kachitsulo, pa mwala wina woyandama pakati pa nyenyezi. Anali ndi mphatso ziwiri. Yoyamba inali mphamvu. Ankatuluka kunja kumene kulibe mpweya, opanda chovala chodzitetezera, n'kukankha mwala waukulu ngati tchalitchi ndi phewa limodzi. Yachiwiri inali maso. Ankaona zimene zichitike m'masiku atatu akubwera, bwinobwino ngati mmene ndikukuonerani inu apa. Koma masowo anali ndi malire. Ankaona za dera lawo lokha, kuchokera pakhomo pawo kukafika pa nyenyezi ina yofiira. Kuseri kwa nyenyeziyo kunali bii. Zimenezi ankazidziwa iwo okha.

Tsiku lina pakhomopo panaima chombo chachikulu chonyamulira miyala, chophwanyikaphwanyika m'mbali. Munali anthu khumi ndi awiri. Anali atathawa ku mgodi wa pa mwezi wina wakutali, kumene anthu akwathu ankakumba ali akapolo, otsekeredwa pansi m'maenje atatu. Mpweya wopuma unkachokera ku makina a eni mgodiwo. Tsono miyala yofunika ija inali itatha, ndipo eniwo anali atapangana tsiku lozimitsa makina n'kumapita kwawo, anthu n'kuwasiya pansi pomwepo. Khumi ndi awiriwa atamva, anaba chombo, anakafuna zida, ndipo tsopano ankabwerera kukathyola zitseko. Kunali kutatsala masiku makumi atatu. Ulendo unali wa masiku makumi awiri ndi asanu, ngati munthu sasochera.

Mtsogoleri wawo anali Kadzakumanja, bambo wa mawu aakulu ndi mtima wabwino, waulemu mpaka kunyanya. Woyendetsa chombo anali Esinati, mayi wodziwa chombocho ngati khitchini yake. Mwamuna wake anali m'dzenje lachitatu, lakuya kuposa onse. Esinati sankakhazikika. Ankadya ataimirira, ndipo akamayankhula naye maso ake ankakhala ali pawindo.

Anthuwa, amene anadzapempha wowalozera njira, anapeza Anangondo atamanga kale mtolo, popeza anali atawaona kuti akubwera. Kadzakumanja asanamalize n'komwe malonje, mayiwo anati, "Ndikuperekezani mpaka pa nyenyezi yofiira. Pamenepo ndibwerera." Onse anaomba m'manja. Palibe amene anafunsa chifukwa chake.

Ulendo unayamba bwino zedi. Anangondo akati zimitsani injini, ankazimitsa, ndipo posakhalitsa zombo za alonda a mgodi zinkadutsa chapatali osawaona. Akati khotani kumanzere, ankakhota, ndipo kumanja kuja kunkagwa chimvula cha miyala. Tsiku lina mwala unatseka njira yonse. Mayiwo anangomanga chitenje m'chiuno, kutuluka, kuukankhira pambali, n'kubwerera kudzamaliza tiyi wawo asanazizire.

Munthu sachedwa kuzolowera zabwino, anzanga. M'chombomo munali galasi loonera njira, la timagetsi ting'onoting'ono tosonyeza pamene pali miyala ndi pamene pali mpata. Kuliwerenga inali ntchito yolemetsa, maso ankachita kuwawa. Nanga alivutikirenji pamene mlosi ali pompo? Wina analiphimba ndi nsalu kuti lisachite fumbi. Wina anaona kuti pamwamba pake ndi pabwino kuikapo makapu. Zosinthana ulonda pawindo zinatha. Anangondo anawaikira mpando wa khushoni kutsogolo, kapu yoyamba ya tiyi inali yawo, ndipo anthu akuluakulu a ndevu zawo anafika pomawafunsa ngati nyemba za mawa zipserere.

Pa tsiku lakhumi ndi chiwiri nyenyezi yofiira inadzaza windo lonse. Anangondo anatenga mtolo wawo. Aaa, m'chombo munavuta. Kadzakumanja anagwada, enawo n'kugwadanso. Anati iwo ndi ana, njira sakuidziwa, miyoyo ya anthu mazanamazana ili m'manja mwa mayiwo. "Tiperekezeni pang'ono chabe, mayi," anatero. "Pang'ono pokha."

Mukudziwa mmene timachitira. Mlendo umati umusiya pa mtengo wa mango, mukafika pa mango nkhani yakoma, umati pa mjigo. Pa mjigo umati pamsewu. Kubwerera munthu akukugwira dzanja n'kovuta, kumaoneka ngati nkhanza. Koma ndinene zonse, popeza mtima wa mayi ameneyu ndikuudziwa kuposa nonsenu. Si manyazi okha amene anawagwira. Anali atakhala okha zaka zambiri pa mwala uja, popanda woti mwadzuka bwanji. Mpando wa khushoni uja anali ataukonda. Anaika mtolo pansi, anthu analuluta, chombo chinapitirira.

Tsiku loyamba kuseri kwa nyenyezi ankaonabe za mawa, koma mwachimbuuzi. Tsiku lachiwiri ankaona za ola limodzi. Tsiku lachitatu kunali bii. Ndiye njira inagawika pawiri, ndipo Kadzakumanja anabwera mwaulemu wake, manja kumbuyo, kudzafunsa kolowera. Anangondo anatseka maso monga mwa masiku onse. Sanaone kanthu. Anangoti kumanzere.

Tsoka lake, kumanzereko kunalidi njira. Ndikuti tsoka chifukwa akanalakwitsa tsiku limenelo, zikanathera pomwepo. Koma anthu anaomba m'manja, ndipo mayiwo anadziuza mumtima kuti mwina mphatso ikugwirabe ntchito mwa njira ina. Mawa lake njira inagawikanso. Anati kumanja.

Kumanjako kunali kamvuluvulu wa miyala, miyala yosawerengeka yozungulira malo amodzi, yokoka chilichonse cholowamo. Chombo chinalowa, chinayamba kuzungulira nawo. Ukakhala m'kati sudziwa kuti ukuzungulira, umangoona ngati ukupita. Injini zinkalira, masiku ankatha, anthu ankanola zida n'kumaimba nyimbo za ufulu.

Woyamba kuzindikira anali Esinati. Anaona mwala wina wogawika pakati ngati chiboda cha ng'ombe. Patapita masiku awiri anauonanso. Anadziuza kuti mwina miyala imafanana. Atauona kachitatu anakokera Kadzakumanja pambali n'kumunong'oneza kuti akuzungulira, ndipo anapempha kuti avundukule galasi lija. Kadzakumanja anapsa mtima. Anamufunsa ngati anawaonapo mayiwo atalakwitsa. Anamufunsa ngati akufuna kuti munthu wamkulu, amene wasiya nyumba yake chifukwa cha iwo, aone kuti akumukayikira. Anati kuchotsa nsalu ija pamaso pawo n'chimodzimodzi kuwatukwana. Esinati anabwerera pa chiwongolero. Ankakhota kumene wauzidwa, misozi ikugwera pamanja.

Musaganize kuti enawo anali akhungu. Mwala wa chiboda uja anauona ambiri. Nyimbo zinayamba kuchepa. Anthu ankangoyendayenda m'chombo, kukhala pansi, kudzukanso, kumasula mfuti zimene amanga kale n'kuzimanganso. Aliyense ankadikira kuti anene mnzake. Anangondo nawo ankadziwa kuti Esinati wadziwa, chifukwa ankaona mmene ankapewera kuwayang'ana. Chakudya chinasiya kuwalowa mayiwo. Tsiku lililonse ankati mawa maso abwerera, ndikonza zonse popanda wodziwa. Inatha sabata yathunthu, ndipo masiku asanu apadera aja anapita onse.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri Esinati anabweretsa yekha tiyi. Anagwada monga mwa mwambo. Sanafunse za njira. Anafunsa motsitsa mawu, "Mayi, mwamuna wanga ndikamupeza wamoyo?"

Anangondo anatseka maso. Bii. Mawu akuti inde anali pakamwa penipeni, ndipo akanawanena mayi uja akanathokoza n'kubwerera pa chiwongolero. Anatsegula maso, anaika kapu pansi.

"Sindikuona, mwana wanga," anatero mokweza kuti onse amve. "Maso anga anathera pa nyenyezi yofiira. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikungolota."

Anangondo anadzuka pampando paja, anapita pa galasi, anakoka nsalu, makapu anagwa n'kusweka. Anagwira Esinati pamkono n'kumukhazika pampando wa khushoni. Anati mphamvu zokha zikadalipo, choncho iwo atuluka kunja, ndipo Esinati aziwauza pa wayilesi mwala woti akankhe.

Sizinali zapafupi. Maso a Esinati anali ataiwala timagetsi tija, ndipo linatha theka la tsiku asanayambe kutiwerenga bwino. Kenako mawu ake anayamba kumveka pa wayilesi. Uwo wa kutsogolo, mayi. Ayi, osati umenewo, mwalakwitsa, winawo. Fulumirani. Kadzakumanja akamva mayi wamng'ono akuuza munthu wamkulu kuti mwalakwitsa ankachita kudzigwira kumutu, koma sanamuletse. Kunja kuja Anangondo ankakankha, mapewa akusupuka, osadandaula. Chombo chinatuluka mu kamvuluvulu muja.

Kuchokera pamenepo anathamanga. Anayambanso kusinthana pawindo, awiriawiri. Esinati sanachoke pa galasi, maso anafiira psuu. Anataya kunja chilichonse cholemera, mabedi, matebulo, ngakhale mpando wa khushoni womwe. Analakwitsa njira kawiri, koma popeza aliyense tsopano ankayang'ana ndi kunena, ankabwerera msanga. Anafika pa mgodi atachedwa ndi masiku awiri.

Eni mgodi anali atapita, makina ali zii. Panalibe womenyana naye, zida zonse zija zinangokhala katundu. Anangondo anang'amba chitseko cha dzenje loyamba ndi manja. Anthu anatuluka akudzandira, amoyo. M'dzenje lachiwiri anawapeza ali lambalamba pansi, akupuma mobanika, ndipo anawanyamula mmodzimmodzi kupita nawo m'chombo. Ambiri anatsitsimuka. Koma m'dzenje lachitatu, lakuya lija, mpweya unali utatha kale. Anaitana, osayankhidwa.

Esinati anamupeza mwamuna wake pafupi ndi chitseko, atakhala motsamira khoma. Anali atavala nsapato, kamtolo ka zovala kali pamiyendo. Anali atakonzeka kunyamuka.

Esinati sanatukwane munthu. Anakhala pansi pambali pa malemuyo nthawi yaitali. Anangondo atabwera kudzagwada patsogolo pake, Esinati anati, "Mukananena pa nyenyezi paja, mayi, ndikanayendetsa ndekha. Ndikanafika." Kenako anawonjezera, "Nanenso mwala uja ndinauona katatu."

Fanizo lathera pamenepo. Tsopano ndiyang'aneni.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pampando uno. Ngalande yoyamba tinakumba ndili kutsogolo, ndipo masiku amenewo ndikati mtsinje udzaza sabata yakuti, unkadzazadi. Koma mvula ya masiku ano sindikuidziwa, anzanga. Mapampu a sola awa sindikuwadziwa. Chaka chatha munandifunsa ngati tingadzale anyezi kumunsi kuja, m'mbali mwa mtsinje. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuona kanthu, ndinati dzalani, madzi safika Januwale asanakwane. Sindinkadziwa. Ndinangolota, chifukwa munali mutandizungulira mukudikira, ndipo ndinachita manyazi. Madzi anabwera mu Novembala. Mabanja asanu ndi anayi sanakolole kanthu, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Inu mayi Gwedeza, musaweramitse mutu. Ndinamva pambuyo pake kuti chenjezo la mvula munaliona pafoni yanu sabata ziwiri tisanadzale. Munauza a Chikadza, a Chikadza anakuuzani kuti si ulemu kutsutsa wapampando pagulu, inu n'kukhala chete. Tonse atatu tinalimira limodzi munda wa madzi aja.

Ife tinataya anyezi. Sindikufuna kudikira tsiku loti titaye choposa pamenepo. Khasu ndigwirabe, ngalande ndikumba nanu, ndipo amene mumusankhe akandiuza kuti mwalakwitsa mayi, ndimva. Koma musandigwadirenso, chifukwa ndimadzidziwa, mukagwada kachiwiri ndivomera. Mpando ndi uwu, ndadzukapo. Sankhani munthu lero lomwe, tisanabalalike.