Chiswamphika ndi Mphika wa Nazimbiri

Kalekale, miyala isanalimbe, pamudzi wina panali mayi woumba mbiya dzina lake Nazimbiri. Matama ake, ana inu! Mwana wake Tiyanjane ankakwatiwa, ndiye mayiyo anauza asewere ake kuti, "Thobwa la ukwati lidzakhala mumphika wanga. Mphika woti ng'ombe n'kusambiramo!"

Kumtapo, komwe amayi amakumba dothi loumbira, kunali mwambo. Uyambe waomba m'manja, ukumbe, usiyepo kachibuma ka mwini malo. Nazimbiri anangofika ndi khasu, khu! khu!

Pa udzu panali kachilombo kobiriwira, kowonda ngati ndodo, katapinda manja ngati kakupempha.

"Mayi, langa dothi lili kuti?" kanafunsa.

"Iwe kamiyendo ngati udzuwe, unaumbapo chiyani?" Anakatosa ndi chala, kanagwa chagada.

Kanadzuka. Kanatembenuza mutu pang'onopang'ono ngati munthu, maso tong'o. Mbalame zonse zii.

Nazimbiri anaumba, anayanika, anawotcha. Moto utangokolera, phuu! Phale lina linakagwera kutsidya kwa mtsinje. Anaumbanso, anayanika, anawotcha. Phuu! Nkhuku za mudzi wonse zinaleka kuikira. Chimera chauma, ukwati wayandikira, mphika palibe.

"Amayi, alendo adzamwera m'manja kodi?" analira Tiyanjane.

Asewere nawo podutsa: "Asewere, ng'ombe ija tibwere nayo liti idzasambe?"

Manyazi anamugwira Nazimbiri. M'mamawa anapita kumtapo, nagwada, naomba m'manja. "Pepani eni dothi, ndinalakwa ine."

Kachilombo kaja kanatenga kadothi kochepa ngati njere ya mapira, n'kuyamba kuumba pa nthambi. Timanja tija waliwali! Kamphika kanatuluka, kopanda mng'alu, kopanda moto. Kanakagogoda kamodzi: ngwiii! Nthaka inanjenjemera. Miphika yonse kumudzi, ndi mitsuko yomwe, inavomera ngati ng'oma: ngwiii! Nazimbiri kukamwa yasa, tsitsi nyaunyau.

"Mwana wako alibe mlandu," kanatero. "Kumba."

Anakumba, nasiya chibuma chachikulu ngati mutu wake. Mphikawo unapsa bwinobwino, psuu! Anthu anamwa thobwa mpaka mimba ndendende, ndi agalu omwe anakhuta.

Kuyambira pamenepo kachilomboko amakatcha chiswamphika. Mukakaona katapinda manja, musakaphe, miphika ya amayi anu ingasweke. Ndipo mukayang'anitsitsa pa nthambi, kamphika kake mudzakapeza katamatirira.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, ithere pompa. Wokupempha ndi manja awiri usamunyoze, mwina ndiye mwini zomwe wanyamula.