Mpando wa Agogo Adalgisa

M'katauni kena ka m'chigwa cha mtsinje wa Po, pakati pa nyumba yometera tsitsi ndi sitolo ya nyama, padali kanyumba kojambuliramo zithunzi ka Evaristo Malagoli. Padalibe khanda lobatizidwa kapena mkwatibwi m'tauniyo amene sadaimepo pamaso pa kamera yake, ndipo ntchito ankaidziwadi. Wamphuno yokhota ankamutembenuza pang'onopang'ono mpaka mphuno iwongoke, wadazi ankamubwereka chipewa, wankhope yamkwiyo ankamuseketsa. Mkazi wake, Nerina, ankakhala pakauntala, kumadula m'mbali mwa zithunzi uku akutola nkhani za m'tauni.

Matenda adamugwira Evaristo tsiku lomwe adapita ku Bologna kukagula mankhwala otsukira zithunzi. Mvula itamupeza panjira, adakabisala m'nyumba ya kanema, momwe ankaonetsa ntchito ya katswiri wina wa ku Roma. Tisaname, ntchitoyo idali yogwira mtima. Katswiriyo ankaloza kamera pamsewu wopanda munthu ndi kuisiya pomwepo mpaka woonera ayambe kumva kugunda kwa mtima wake. Munthu ankamuika pakona, wochepa ngati nyerere, pansi pa chikhoma choyera. Mkazi ankamujambula atafulatira, koma mwa khosi lokhalo unkadziwa kuti akulira. Ndipo anthu akatuluka m'chipinda, kamera sinkawatsatira. Inkatsala ikuyang'ana mpando, mpaka mpandowo uyambe kuoneka wamasiye. Evaristo adatuluka m'menemo, mankhwala aja atawaiwala pansi pa benchi.

"Mayi, takhala tikunamiza anthu," adatero atafika kunyumba. "Nkhope ndi bodza lokhalokha. Choonadi chimaoneka pamene munthu wachokapo."

"Ndiye ndichokepo kuti mundione bwino?" adafunsa Nerina. "Nanga mankhwala ali kuti?"

Kuchokera tsikulo Evaristo adagula magalasi akuda, mpango wa m'khosi ndi kakamera kojambulira kanema. Katswiri uja sankamutchula dzina, ankangoti Maestro, motsitsa mawu ngati mkamwini akunena za apongozi. Akamamwa khofi ndi anzake ankadukiza nkhani, kukweza zala zinayi pamaso pake ngati diso la kamera ndi kusuzumira ndowa yomwe yatayidwa pakhonde. Fulgenzio, wometa tsitsi uja, ankamufunsa ngati ndowayo yavomera kumwetulira. Evaristo ankangopukusa mutu ndi kunena kuti tauni yonse ili m'tulo.

M'mwezi wa Febuluwale m'kanyumbamo mudalowa mayi Zaira Bottazzi atanyamula kaphukusi. Mwana wawo, Ombretta, ankakwatiwa. Koma bambo a mwanayo, a Primo, amene ankakumba malasha ku Belgium, adali chigonere m'chipatala cha kumeneko mwendo uli m'chikhakha, ngolo ya mumgodi itawaphwanya.

"A Evaristo, awa ndi mafilimu omwe amuna anga atumiza," adatero mayi Zaira akumasula kaphukusiko. "Akuti mujambule zonse. Akadzabwera adzaone mwana wawo atavala zoyera, adzaonenso mayi awo akuvina. Maso awo pa tsikulo ndinu."

"Mayi, musade nkhawa," adayankha Evaristo atagwira pachifuwa. "A Primo adzaona zomwe munthu sanaonepo m'tauni muno."

Mlendo atatuluka, Nerina adaika lumo pansi. "Bambo, mwamva bwinobwino? Akuti mwana ndi mayi awo. Za Maestro wanuyo muzisiye pakhomo pano, mudzazipeza pobwera. Mukajambule anthu akudya, akuseka, basi."

"Anthu akudya!" Evaristo adaseka mwachisoni. "Zimenezo ngakhale Fulgenzio angajambule."

Tsiku la ukwati kudacha ndi chifunga chochindikala moti nsanja ya tchalitchi idasowa mutu. Amayi ankadandaula, koma Evaristo ankayenda ngati wawina mpikisano. Akwati atatuluka m'tchalitchi, anthu akuwawaza mpunga, iye adali tsidya lina la bwalo, atagwada kuseri kwa chitsime. Gulu litachoka ndiye adayandikira, nayamba kujambula nkhunda zikutola mpungawo. Kumadyerero, pabwalo la kumunda kwa a Bottazzi, kudali matebulo ataliatali, tortellini (timikate tokutira nyama) wa mumsuzi, nkhumba yowotcha, vinyo wochita thovu ndi woimba akodiyoni amene adatuluka thukuta ngakhale kunkazizira. Evaristo adafulatira zonsezo. Adapeza khoma la khola lomwe laimu wake adali kusupuka, nalijambula mwaulemu kuchokera kumwamba mpaka pansi.

Pamenepo mpomwe adamuitana agogo Adalgisa, mayi awo a Primo. Agogowa chibadwire sadajambulitseko. Ankati alibe nthawi yoima chilili ngati chipilala pamene nkhuku zili ndi njala. Koma tsikulo adavala ndolo zawo zofiira ndi mpango wa silika, adavina mpaka anyamata kuwaombera m'manja, kenaka adakapumira pampando wa udzu wolukidwa womwe udali pafupi ndi khoma lija.

"Iwe mwana wa Malagoli, tabwera kuno ndi chidiso chakocho! Undijambule, Primo akaone kuti mano awiriwa akadalipo."

Evaristo adayandikira, nasuzumira m'kamera. Mpando wakale, khoma losupuka, kuwala kofooka kukutsika m'chifunga: zonse zidali monga momwe Maestro akadafunira. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkasokoneza.

"Agogo, tadzukani pang'ono."

"Ndiime? Chabwino, aone ndi nsapato zomwe."

"Musunthire uko. Pang'ononso. Eya, pomwepo, musagwedezeke."

Agogo Adalgisa adaima nji, kutali ndi diso la kamera, atawongola msana womwe udakhota kalekale. Adamwetulira, nakweza dzanja kupatsa moni mwana wawo wa ku Belgium. Kamera idalira, idalira, mpaka filimu yomaliza idatha.

"Wandijambula?"

"Ndachita zoposa kukujambulani, agogo."

Pasaka itangopita, chifuwa chidawatenga agogo Adalgisa. A Primo sadathe kubwera kumaliro. Adafika nthawi yokolola mphesa, akutsimphina ndi ndodo. Atapita kumanda adapeza chiliza cha mayi awo chili chokha chopanda maso. Paja kumeneko chiliza chilichonse chimakhala ndi nkhope ya mwini wake, yowotchedwa pa kambale kadothi koyera, kuti amoyo akabwera ndi maluwa azikhala ndi womuyang'ana polankhula. Wosema miyala adali atasiya kale malo ake, kadzenje kozungulira ngati dzira.

"Nkhope tiitenga mu kanema muja," adatero a Primo. "Zaira akuti anavala ndolo. Itanani a Evaristo."

Lamulungu masana anthu adadzaza m'chipinda chodyera cha a Bottazzi. Adatseka mazenera, napachika nsalu yofunda pakhoma. A Primo adawakhazika kutsogolo, mwendo uli pa kampando, Ombretta ali pambali pawo. Evaristo adayatsa makina atavala magalasi ake akuda, ngakhale m'chipindamo mudali mdima.

Pansalu padaoneka zoyera. Zoyerazo zidakhalitsa.

"Makinawa afa?" adafunsa wina kumbuyo.

"Sanafe," adayankha Evaristo. "Chimenecho ndi chifunga. Chiyang'aneni, chikulankhula."

"Chikuti chiyani, Maestro?" adafunsa Fulgenzio. "Ife a kumbuyo kuno sitikumva."

Anthu adaseka, ndipo a Primo nawonso adamwetulira. Kenaka padabwera bwalo la tchalitchi, lalikulu, lopanda kanthu, ndi timadontho kumapeto kwake.

"Nanga ine ndili pati?" adafunsa Ombretta.

"Kadontho koyera ako, pakona."

"Iyo ndi nkhunda, a Evaristo!"

"Ayi, nkhunda zikubwera kutsogoloku."

Zidabweradi, ndipo zidadya mpunga mosapupuluma. Padatsatira mitengo yopanda masamba, gudumu la njinga likuzungulira lokha, msana wa munthu wina amene mabanja awiri adakangana kuti ngwa ndani. Kenaka khoma.

"Eee, khoma la khola lathu!" adakuwa mayi Zaira. "Chaka chonse ndakhala ndikuti tilipake laimu!"

"Laoneka bwino zedi," adatero Fulgenzio. "Lakwatiwa ndi ndani?"

Koma a Primo adali atasiya kumwetulira. Adaweramira kutsogolo atagwira ndodo ndi manja onse awiri, kudikira. Pansalu padaoneka mpando. Adauzindikira msanga, poti adakulira pamiyendo ya mwini wake. M'chipinda monse mudangoti zii, kumveka makina okha. Evaristo adagunyuza Nerina ndi chigongono.

"Waona? Awagwira mtima," adanong'ona.

Nerina adangophimba kumaso ndi mpango.

"Achimwene," adatero a Primo osachotsa maso pansalu, "amayi alowa nthawi yanji?"

"Salowa. Luso lake ndi limenelo, a Primo. Mukuona mpando, koma chomwe mukuona kwenikweni ndi kusowa kwawo."

Filimu idatha, nsonga yake idayamba kukwapula makina, nsalu idayera.

"Anaima apo, pambali pomwepo," adatero mayi Zaira akuloza khoma lenileni la chipindacho, kunja kwa nsalu. "Anakweza dzanja, akumwetulira. Amati akukupatsani moni."

A Primo adayang'ana pamalo olozedwawo nthawi yaitali. Kenaka adatembenukira kwa Evaristo.

"Kusowa kwawo ndikukuona ndekha m'nyumba muno, m'mawa ndi madzulo, popanda makina ako. Pansi pa nthaka ndakhala ndikuyang'ana makoma mpaka tsitsi kuchita imvi. Ukuganiza ndinatumiza mafilimu kuti udzandionetse lina?"

Anthu adaganiza kuti ndodo ija igwira ntchito, ndipo Fulgenzio adasuntha botolo la vinyo kuti lisavulale. Koma a Primo adapuma mozama, nalankhula mofatsa.

"Chabwino. Munditsukire mpandowo. Uoneke bwino, udzu wake uwerengeke."

Wina aliyense akadamva fungo la msampha. Koma Evaristo adabwerera kunyumba akuyenda chokweza mapewa. "Wamva? Poyamba amakwiya, kenaka amamvetsa," adauza mkazi wake. "Ndi Maestro zinayambanso choncho." Adachitsuka chithunzicho mosamala koposa zonse zomwe adatsukapo, nakachipereka yekha.

Kumayambiriro kwa Novembala, pa tsiku lokumbukira akufa, tauni yonse idakhamukira kumanda ndi maluwa, monga mwa chaka ndi chaka. Evaristo ndi Nerina ankapita ku ziliza za makolo awo pomwe adaona chigulu cha anthu chitaunjikana pa chiliza chimodzi, ena atagwira pakamwa kuti wansembe asawaone akuseka. Gululo litamuona Evaristo lidapatuka lokha. Pakati pa mizere ya nkhope, amuna a ndevu ndi amayi a mipango, kambale ka agogo Adalgisa kadali ndi mpando wa udzu pafupi ndi khoma losupuka. Pansi pake wosema miyala adazokota bwinobwino: Adajambula ndi Evaristo Malagoli.

"Mafuno abwino, Maestro!" adatero Fulgenzio akuvula chipewa. "Ntchito yanu yafika pagulu, ndipo pano sadzaichotsa."

A Primo adali pomwepo akuthira madzi m'kabotolo ka maluwa. Wansembe adali atawadandaulira kale, koma iwo adayankha kuti chithunzi cha mayi awo chomwe banja lili nacho ndi chokhacho, ndipo mmisiri ayenera kudziwika. Evaristo adavula magalasi. Chowawa koposa chidali chakuti chithunzicho chidali chokongoladi. Atachiyang'anitsitsa, maso ake adathawira okha kunja kwa kambale, kudzanja lamanja, komwe kudali mwala wokhawokha.

Nyengo yozizira isadathe, akwati adayamba kukwera basi kukajambulitsa kutauni yoyandikana nayo. Okalamba ndiwo adathawa koposa. Mayi wina adanenetsa pamsika kuti sakufuna kuti adzukulu ake azidzalirira ndowa. Evaristo adachotsa mpango wa m'khosi, nabwezera pawindo zithunzi zakale za makanda ndi akwati, koma chikwangwani cha kumanda chinkalankhula mokweza kuposa windo.

Tsiku lina masana adakhala m'kanyumba kake akuyang'ana mpando womwe makasitomala ankakhalira. Fumbi lidali litayamba kuuyala. Nerina adasuzumira kuchokera pakauntala, lumo lili gone pambali.

"Jambulanitu tsopano, bambo," adatero. "Anthu onse achokapo."

Nyimbo ya Maestro idalibe mlandu. Pabwalo lake idali yokoma, ndipo mpaka lero ena amailirira. Cholakwa cha Evaristo chidali kuganiza kuti poti yamukomera iye, ndiye aiimbe paliponse, ngakhale pomwe bambo wovulala ankangopempha kuona nkhope ya mwana wake ndi ya mayi ake. Akuluakulu adanena kale kuti nyimbo imodzi sachezera gule.